Mipira Khumi ya Luan Fengzhi

Luan Fengzhi anagula mpira wake woyamba pa 6 Epulo 2023, ali ndi zaka 63. Tsikuli ndikulidziwa chifukwa anadutsa nawo pansi pa zenera langa atauika m'thumba logulira kabichi, ndipo nditamufunsa anati ndi dzungu. Dzungu lakelo linali ndi mizere yakuda, ndipo kuno ku Fuxin mu Epulo kulibe maungu.

Koma nkhani ya mpirawo inayamba kale, Lachitatu pa 14 Malichi 1973, ndipo ine ndinalipo. Ndinali mphunzitsi wa zaka 25 pa sukulu ya ana a anthu ogwira ntchito kumgodi wa malasha. Tsikulo kunabwera amuna awiri a majekete abuluu ochokera ku sukulu ya masewera, kudzasankha ana oti akaphunzire basiketibolo. Ine anandipatsa ntchito yolemba misinkhu m'kope. Ana anandanda kukhoma, mmodzi wa amunawo n'kumaika kathabwa pamutu pa mwana aliyense, kenako n'kutchula nambala.

Fengzhi anali ndi zaka 13, ndipo anakwana masentimita 156. Mwamunayo anayang'ana kumapazi kwake.

"Tavula nsapato, mwana iwe."

M'nsapato iliyonse munali nyuzipepala yopindapinda. Atavula anatsala 151, ndipo kalasi yonse inafa ndi phwete. Mng'ono wake Yaqin, wa zaka 11, anakwana 163 ali chosavala nsapato. Amuna aja anamuyeza mikono, zala ndi mapazi. Madzulo ake anapita kunyumba kukayeza bambo ake, n'kufunsanso ngati agogo awo aamuna ankawerama polowa pakhomo. Palibe mwana ngakhale mmodzi amene anapatsidwa mpira kuti aponye. Mawu amenewa Fengzhi wawabwereza zaka makumi asanu: "Sanatipatse n'komwe mpira."

Pa 2 Epulo chaka chomwecho Yaqin anasamukira ku sukulu ya masewera. Kumeneko ankadya mazira awiri m'mawa uliwonse, mkaka wothira shuga, ndi nyama ya nkhumba katatu pa mlungu. Kwa a Luan kunali zikondamoyo za chimanga ndi kabichi wowawasa kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu. Yaqin akabwera kudzacheza ankavala nsapato zoyera za nsalu, ndipo anthu ankatuluka m'nyumba kudzamuona ngati kwafika mkwatibwi. Sanali mwana woipa mtima. Ankabisa dzira limodzi m'thumba n'kubweretsera mkulu wake. Fengzhi ankalilandira, n'kukapatsa mphaka wa anthu oyandikana nawo, iye njala ili m'mimba. Izi anandiuza yekha patapita zaka zambiri, ndipo pondiuza sanaonetse manyazi ngakhale pang'ono.

Atamaliza sukulu analowa ntchito m'khitchini ya kumgodi, yokanda ufa wa mabanzi ophika ndi nthunzi, ndipo anakanda zaka 31. Anakwatiwa ndi a Pang, munthu wofatsa amene ankayendetsa tingolo ta malasha, n'kubereka mwana mmodzi. Yaqin anasewera m'timu ya achinyamata, kenako m'timu ina mumzinda waukulu wa Shenyang. Sanatchuke. Chithunzi chake chinatuluka m'nyuzipepala kamodzi kokha, pa 19 Ogasiti 1981, ataima kumbuyo kwa mnzake amene anagwira mpira. Mayi awo anadula chithunzicho n'kuchipachika pakhoma, pamwamba pa malo awo ogona.

Pa 9 Disembala 1984 mayiwo anagwa pakhomo, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Nthawi imeneyo tinkakhala m'nyumba zazifupi za njerwa zopanda chimbudzi m'kati. Chimbudzi chinali chimodzi, kumapeto kwa mzere wa nyumba. M'mawa uliwonse, asanapite kokanda ufa, Fengzhi ankatulutsa beseni lokodzera la mayi ake. Aliyense amene anakhalapo m'nyumba zimenezo amadziwa kanyamulidwe kake: manja onse awiri, beseni m'munsi mwa mchombo, miyendo yotangadza pang'ono, msana wowongoka kuti zisakhavukire. M'nyengo yozizira pakamwa pa dzenje la chimbudzicho pankamera chulu cha madzi oundana, ndiye munthu sankayandikira. Ankaima patali, n'kupinda mawondo, n'kukankha beseni kuchokera pansi kuti zam'katimo ziuluke zikagwere pakati penipeni. Fengzhi anachita zimenezi zaka khumi ndi chimodzi, mpaka pa 2 Febuluwale 1996, ndipo sindinamvepo kuti anadzithira pa nsapato. Zaka zonsezo chithunzi cha Yaqin chinali pomwepo pakhoma. Mlendo akalowa, mayiwo, ngakhale lilime linali lolemera, ankachiloza ndi dzanja lamoyolo.

Yaqin anabwerera ku Fuxin mu Meyi 2017, mwamuna wake atamwalira. Anabwera ndi mawondo otupa, ndodo yoyendera, ndi masentimita ake 184. Anapeza nyumba m'mpanda wathu womwe uno, mu mdadada wachinayi. Fengzhi amakhala mu wachiwiri, ine mu wachitatu, ndipo bwalo la mpira lili pakati pathu.

Chaka chilichonse pa tsiku la okalamba, m'nyengo imene masamba amayoyoka, komiti ya mpanda wathu imachititsa mpikisano woponya mpira wa anthu opuma pa ntchito. Aliyense amaima pa mzere woponyera n'kuponya kakhumi m'mkombero wachitsulo uli m'mwamba, wolendewera ukonde. Wopambana mwa amayi amalandira chigubu cha mafuta ophikira cha malita asanu. Ine ndimakhala pa tebulo ndi kope, monga ndakhala ndikuchitira kuyambira 2006. Yaqin asanabwere, mayi wogoletsa mipira itatu ankapita ndi mafuta. Yaqin anagoneka ndodo pansi n'kugoletsa isanu ndi itatu. Kaponyedwe kake kanali kokongola mpaka kupsetsa mtima: mpira pamwamba pa mphumi, mkono n'kuwongoka, dzanja n'kutsala lende m'mwamba ngati khosi la tsekwe, ukonde n'kungoti tswa. Anapambana kasanu motsatizana. Mu 2022 sitinachite chifukwa cha mliri.

Kasanu konseko ananyamula chigubucho, akutsimphina, mpaka pakhomo pa mkulu wake.

"Tengani, achemwali. Ine ndekhandekha mafuta onsewa ndiwathera kuti?"

"Zikomo, katswiri wathu," ankatero Fengzhi, mano okha akuseka.

Zigubu zisanuzo zinali pakhonde pake, kuseri kwa mitsuko ya kabichi, zosatsegula. Tsiku lina mafuta atatha m'nyumba, a Pang anagwira chivindikiro cha chimodzi. Fengzhi anawatuma kusitolo kukagula ena, kunja kukugwa chipale chofewa.

Pa 5 Epulo 2023, tsiku losesa manda, banja lonse linapita kumanda a mayi awo. Fengzhi analawirira kuphika mabanzi okaika pamanda, anazula udzu, anapukuta mwala. Yaqin sangagwade, ndiye anangoima, n'kuuza mayi ake kuti akupambanabe. Msuweni wawo wina anapukuta misozi n'kunena kuti, "Azakhali ankamunyadira mwana ameneyu. Mpaka tsiku lomaliza maso ali pa chithunzi chija." Fengzhi anali chogwada, nsanza ili m'manja. Anapitiriza kupukuta mwala. Mawa lake ndi tsiku limene anadutsa pansi pa zenera langa ndi dzungu lija.

Amene anamuphunzitsa ndi a Dou, bambo wa zaka 72 amene kale ankaimbira mipira ya matimu a kumgodi. Mpaka lero amayenda ndi wezulo pakhosi ngakhale popita kogula anyezi, ndipo ndiwo amaimbira mpikisano wathu. Ankakumana 6 koloko m'mawa, Yaqin asanadzuke. Ine nthawi imeneyo ndimakhala pa benchi ya pabwalo kuwongola miyendo, ndiye zonse ndinaziona.

"Achimwene a Dou, ndiphunzitseni kuponya basi. Zinazo sindikuzifuna."

"Mlongo, kuponya kumabwera pomaliza. Muyambe mwadziwana nawo kaye. Taunjanjitsani tione."

Fengzhi anaumenya ndi chikhatho chonse, phwa! Mpira unanjanja kamodzi n'kumugunda pachibwano.

"Ayi, ayi! Mukuukanda! Umenewo si ufa. Nsonga za zala, mlongo. Muziukankha, uzibwera wokha."

"Zaka 31 ndakanda ine, lero mundiuze kuti manja anga ndi olakwa?"

"Mabanzi anu ndinadya, analibe mlandu. Koma banzi ili silidyedwa."

Mlungu woyamba wonse unathera pa kaimidwe: mapazi otalikirana ngati mapewa, mawondo opinda, matako m'mbuyo ngati munthu wofuna kukhala pampando umene palibe. Kenako anamuletsa kuyang'ana mpira pounjanjitsa. Ankaima patsogolo pake n'kukweza dzanja.

"Maso kuno! Zala zingati?"

"Zinayi."

"Zisanu!"

"Chachisanu munachisiya kumgodi mu 1988, musandinamize."

Mpira ukamuthawa, Fengzhi ankauthamangira, n'kuukumbatira pachifuwa ngati khanda, n'kubwerera nawo pamalo pake pang'onopang'ono. Wezulo inkalira.

"Mwayenda nawo!"

"Ndiye ndiuluke?"

"Mapazi awiri okha, mlongo. Lachitatu ndi mlandu. Mukafuna kuyenda, uzinjanja."

"Wopanga malamulo amenewa sananyamulepo kanthu chibadwire."

Komabe ankamvera. Pofika kumapeto kwa Meyi ankazungulira bwalo lonse ndi dzanja lamanja mpira osamuthawa, ndipo ndi lamanzere ankafika pakati. Anaphunzira kuponyera mnzake kuchokera pachifuwa, ndi kulandira zala zitatambasuka kuti zisathyoke. Mikono yokanda ufa ija inali ndi mphamvu, moti a Dou akalandira ankati "mayo!" n'kukupiza dzanja.

Kuponya m'mkombero anayamba pa 12 Juni. A Dou anamuonetsa mmene onse amaphunzitsira: chigongono pansi pa mpira, dzanja lamanzere longochirikiza, mphamvu ichokere m'mawondo, ndipo pomaliza dzanja lipindike ngati likulowa mu mtsuko umene uli pamwamba pa kabati. Apa ndi pamene zinavuta. Mapewa a Fengzhi anauma ndi ntchito ya zaka zambiri, ndipo mkono wamanja sunkawongoka bwino m'mwamba. Ali pafupi ankagoletsa. Akabwerera pa mzere, mpira unkafera m'njira osakhudza n'komwe mkombero. Mwa khumi unkalowa umodzi, ndipo umodziwo mwangozi.

Pa 3 Julayi Yaqin anatulukira ndi ndodo yake, atavala jekete pamwamba pa zovala zogonera.

"Achemwali! Ndimati ndi ana akusokosa m'mawa uliwonse, kani ndi inu?"

"Adokotala anati ndizilimbitsa thupi."

"Zabwino zimenezo. Komatu chigongono chanu chikuthawira kunja. Taimani ndikugwireni."

"Usandigwire."

"Ndimangofuna kukuthandizani."

"Ndikudziwa. Ndi dzira lija unkafunanso kundithandiza."

Yaqin sanamve tanthauzo lake. Anayang'ana a Dou, a Dou anayang'ana kumwamba. Mpira unali utagubudukira kumapazi kwake, ndiye anautola, n'kuuponya ndi dzanja limodzi, linalo litagwira ndodo. Ukonde unati tswa. Sanachite mwadala, dzanja linangochita zimene limadziwa. Anatsazika n'kumapita. Fengzhi anamuyang'ana mpaka analowa mu mdadada wachinayi, ndipo tsikulo anaponya mpaka dzuwa linafika pamutu, osagoletsa ngakhale umodzi.

Pa 21 Ogasiti anaphonya khumi motsatizana, ndipo a Dou anati zakwana, akapume. Fengzhi anali pa mzere, thukuta lili kamukamu, mpira ataugwira ndi manja awiri m'munsi mwa mchombo. Chifukwa cha mkwiyo anangopinda mawondo n'kuukankha kuchokera pansi, ngati munthu wotaya chinthu chomunyansa. Mpira unakwera pang'onopang'ono, n'kutsika pakati penipeni pa mkombero osakhudza chitsulo.

A Dou analavula wezulo.

"Tachitaninso."

Unalowa. Anamupatsa khumi, inalowa isanu ndi iwiri. Anamupatsanso khumi, inalowa isanu ndi itatu. Thupi lake silinkaganiza n'komwe. Miyendo inkatangadza yokha, msana unkawongoka wokha.

M'mphepete mwa bwalo munali amayi amene amavina ndi zokupizira zofiira m'mawa. Mmodzi wa iwo, mayi Shao, anakuwa.

"Taonani, anthuni! Fengzhi akutaya beseni!"

Onse anaseka mpaka kugwirana mapewa. Kaponyedwe kameneka kuno mwana aliyense amakadziwa dzina lake: kunyamula beseni. Lamulo silikaletsa, koma munthu wopitirira zaka zisanu ndi ziwiri sakachita pamaso pa anthu. Fengzhi anasiya mpira n'kupukuta manja m'chiuno, ngati agwira zoipa.

"Sindidzaponyanso choncho."

"Mlongo, mpira ukalowa, walowa. Ukonde sufunsa kuti wachokera kuti."

"Iye aponye ngati mbalame, ine ngati wotaya mikodzo? Mpanda wonse ukuona? Beseni ndinanyamula lokwanira, achimwene. Ndikufuna ndimupose ndi kaponyedwe kake komweko."

Podutsa pa benchi anandiuza kuti, "Aphunzitsi, zalerozi musalembe." Ndinali nditalemba kale.

Miyezi iwiri yotsatira anaponya kuchokera pamphumi basi. Usiku a Pang ankamumata mapepala a mankhwala paphewa, m'mawa n'kubwerera pa mzere akununkha ngati sitolo ya zitsamba. Anafika pogoletsa itatu. Pa 9 Okutobala anagoletsa inayi, koma sanabwerezenso. A Dou anayesa kumunyengerera kawiri kuti abwerere ku kaponyedwe ka beseni, kachitatu Fengzhi anawaopseza kuti awamezetsa wezulo yawoyo.

Tsiku la okalamba linali Lolemba pa 23 Okutobala. Kunali mphepo yozizira, ndipo anthu anabwera ndi timipando tawo ndi mabotolo a tiyi. Amayi olembetsa analipo khumi ndi mmodzi. Anatola timapepala ta manambala m'chipewa cha a Dou. Yaqin anatola 7, Fengzhi 11.

Oyambawo anagoletsa umodzi, iwiri, mayi Shao itatu. Yaqin atafika pa mzere ndinaona kuti mawondo ake aipiraipira chaka chino, moti sankapinda n'komwe, ankaponya ndi mkono wokha. Kukongola kunalipobe, koma mipira inayi inagunda chitsulo chakutsogolo. Anagoletsa isanu ndi umodzi. Chibwerereni anali asanatsikepo choncho. Anthu anaombabe m'manja, iye n'kukakhala pa benchi akusisita bondo.

Fengzhi anafunika isanu ndi iwiri.

Anaima pa mzere, n'kunjanjitsa mpira katatu monga anamuphunzitsira, n'kuukweza pamphumi. Chigongono chinali pamalo pake. Kunena zoona, kaimidwe kake kanali kabwino, ndipo pang'ono pokha anafanana ndi mng'ono wake. Mpira woyamba unafera m'njira. Wachiwiri unagunda chitsulo n'kubwerera. Wachitatu unamenya thabwa la kuseri kwa mkombero n'kugwera kumbali. Ndinalemba mizere itatu m'kope. Inatsala isanu ndi iwiri, ndipo yonseyo inayenera kulowa.

Ndi pamene Yaqin analankhula kuchokera pa benchi, mokweza, ndi mtima wabwino womwe uja wa dzira.

"Osadandaula, achemwali! Mafutawo abwera kwanu komweko, ngati masiku onse!"

Fengzhi sanacheuke. Anaika mpira pansi n'kuuponda ndi phazi kuti usagubuduke. Anavula jekete n'kuponyera a Pang. Kenako anautola, n'kutangadza miyendo, n'kuutsitsa m'munsi mwa mchombo.

"Beseni!" anakuwa mayi Shao.

"Tsekani mphuno, anthuni!"

"A kutsogolo, chotsani nsapato zanu!"

Unalowa. Anthu anaseka kwambiri. Wachiwiri unalowa, anasekabe. Wachitatu utalowa, bambo wina wogontha amene amakhala pafupi ndi tebulo langa anafunsa mokweza ngati mayiyu ali mlendo. Pa wachinayi kuseka kunachepa. Pa wachisanu anthu anayamba kuwerenga limodzi. Nkhope ya Fengzhi inali yofiira, ndipo sankayang'ana aliyense. Ankayang'ana mkombero ndi maso omwe ndinkamuona nawo m'mamawa wa nyengo yozizira zaka zija, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi.

Wachisanu ndi chimodzi unalowa. Anafanana zigoli ndi Yaqin.

Yaqin anadzuka, osatenga n'komwe ndodo.

"Achimwene a Dou! Zimenezi n'zololedwa?"

"Inu mwasewera mpaka ku Shenyang, mukufunsa ine wa kumgodi?"

"Koma si kaponyedwe kameneko!"

"Khalani pansi, mlongo, mukutchinga anthu."

Ndakhala ndikumudziwa Yaqin kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo nkhope imeneyo ndinali ndisanaionepo pa iye. Ndinaidziwa msanga, chifukwa ndi imene mkulu wake wakhala nayo kuyambira 1973. Fengzhi naye anaiona. Anaiyang'anitsitsa, osafulumira, ngati munthu amene akumwa msuzi wotentha tsiku lozizira. Kenako anapinda mawondo.

Mpira womaliza unagunda chitsulo chakumbuyo, unazungulira mkombero kamodzi ndi theka, n'kugwera m'kati. A Dou anaimba wezulo motalika mpaka anatsokomola.

Wapampando wa komiti atamupatsa chigubu, Fengzhi sanamwetulire. Anachinyamula ndi manja awiri kutsogolo, n'kudutsa nacho pakati pa bwalo mpaka pa benchi, n'kuchiika pamapazi pa mng'ono wake.

"Tenga, mng'ono wanga. Ine ndili nazo zisanu."

"Zisanu? Simunaphikire?"

"Ngakhale dontho."

Yaqin anayang'ana chigubucho, kenako mkulu wake.

"Kaponyedwe kameneko munakaphunzira kuti?"

"Kwa amayi. Iwe unali pakhoma."

"Mukuyesa pakhoma pamakoma?" anatero Yaqin. "Ndinachoka panyumba ndili ndi zaka 11. Ndikabwera ankanditulutsira kapu ya alendo. Inu ankakutukwanani, ankakuitanani usiku, ankadya za m'manja mwanu. Ine ankangondiloza."

"Mazira unkadya."

"Ndinkadya. Taonani mawondo amene anagula mazirawo."

Anangoyang'anizana, wina ataima, wina atakhala, mitu yawo ili pafupifupi pa msinkhu umodzi. Palibe anapepesa mnzake. Pomaliza a Pang ndi amene ananyamula chigubucho kukasiya ku mdadada wachinayi, Yaqin akutsimphina pambuyo pawo.

Madzulo a tsiku lomwelo Fengzhi anagogoda pakhomo panga.

"Aphunzitsi, kope lija la 1973 mukadali nalo?"

Ndinali nalo. Mapepala ake achita chikasu, koma inki ikuwerengeka. Anatsegula yekha mpaka anapeza tsamba la pa 14 Malichi, n'kuika chala pa mizere iwiri: Luan Fengzhi, 151. Luan Yaqin, 163.

"Lembani zalerozi pansi pake. Tsamba lomweli."

Ndinalemba tsiku, kenako 7 ndi 6, aliyense moyang'anizana ndi dzina lake. Anawerenga kawiri, milomo ikuyenda.

"Simulemba kuti ndinaponya bwanji?"

"Za nyuzipepala m'nsapato ndinalemba?"

Anayang'ananso tsambalo, n'kuona kuti palibe. Anatseka kope n'kulisisita pachikuto, n'kundifunsa ngati ndimakonda nsomba yokazinga.

Mawa lake anatsegula zigubu zija. Zitatu zinali zitaonongeka kale, fungo lake ngati utoto, ndipo a Pang anakazitaya akung'ung'udza njira yonse. Ziwiri zinali zabwino.

Pa 26 Okutobala, 6 koloko m'mawa, ndinamva mpira ukunjanja pabwalo. Ndinayesa ndi Fengzhi, koma anali Yaqin, yekha, ndodo ili pansi. Anayang'ana uku ndi uku kuona ngati pali munthu. Kenako anatangadza miyendo yake yaitaliyo, n'kutsitsa mpira m'munsi mwa mchombo. Mawondo anakana kupinda. Anaukankha ndi mikono yokha, mpira n'kudumpha thabwa lonse n'kukagwera m'maluwa a komiti. Anakautola, n'kuyesanso. Unapita kumanzere.

Pakhonde la mdadada wachiwiri zenera linatseguka, fungo la mafuta otentha n'kufalikira pabwalo. Fengzhi anatulutsa mutu, chikombe chokazingira chili m'manja.

"Msana wowongoka, katswiri wathu! Ukukhavulira anthu! Nditsike ndidzakugwire?"

"Musandigwire!" anakuwa Yaqin, osacheuka.

Fengzhi anakhalabe pazenera pomwepo, akuonerera mpira uliwonse umene unkaphonya, mpaka nsomba inapserera.